Injini Yogona Kuchipinda

Anthu a msinkhu wanga amakonda kunena kuti m'zaka zija za chipani chimodzi kudalibe akuba. Ine ndikamva zimenezo ndimangoseka, chifukwa ndidagona ndi batire pansi pa bedi kwa nthawi yaitali, ndipo sikuti ndinkalikonda. Akuba adalipo, kungoti ankaba mwaulemu. Ankatenga chimene chingalowe m'thumba, n'kukusiyira chitseko chotseka bwinobwino.

Amuna anga adali a ku Nathenje. Adabwera kwathu, kufupi ndi Mitundu, ngati mkamwini, ali ndi njinga, sutikesi ya malata ndi manja odziwa zitsulo, poti adagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya kuthandiza okonza mathirakitala. Titakhala pang'ono m'banja, mmwenye wina wa sitolo amene ankasamukira m'tauni adawagulitsa chigayo chake chakale. Malume anga, amene adali eni mbumba, adatipatsa malo m'mbali mwa njira yopita kumsika, ndipo tidamangapo kanyumba ka zidina n'kufolera ndi malata akale.

Injini ya chigayocho idali chitsulo chimodzi chakuda, chokhala ndi gudumu lalikulu m'mbali ndi mgolo wa madzi pamwamba. Poiliza ankapukusa hendulo mpaka thukuta kamukamu, kenako inkayamba thu, thu, thu, mosafulumira, ngati mayi wosinja amene sakudikiridwa ndi munthu. Lamba wake adali mmodzi yekha. Ikadwala, amuna anga ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuimasula yonse uku akucheza ndi odutsa m'njira, pofika madzulo ikuliranso. Kuizimitsa aliyense ankadziwa, ngakhale ana a m'mudzi: padali kachitsulo kamodzi, ukakakankha injini inkapuma. Chitseko tinkangomanga ndi waya poopa mbuzi. Wakuba akanatengamo chiyani? Kuti anyamule chitsulo chimenecho akanafunika ngolo, ng'ombe ndi abale ake onse.

Dzuwa likamapendeka amuna anga ankatulukira pakhomo atayera ndi ufa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine n'kuwafunsa ngati agogowa asokera njira. Ankasamba, n'kukhala pakhonde ndi ana. Ankakonda kuimba nyimbo za kutchalitchi, koma mawu ankasokoneza, vesi loyamba kulilumikiza ndi lomaliza, ana akuwakonza n'kumagubuduka ndi phwete. Sitidali olemera, koma ndinkadziwa nthawi imene mwamuna wanga afike, ndipo ankafika ali ndi mphamvu zotsala zoti aseke. Madzulo amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Chimene chidatisokoneza ndi chaka chabwino. Mvula idagwa mwaubwino, fodya wathu adayenda bwino ku okushoni, ndipo kwa nthawi yoyamba tidagwira ndalama zotsala. Chaka chomwecho munthu wina adatsegula chigayo chatsopano pa Mitundu, chokhala ndi chokonolera, moti amayi sankafunikanso kukonola pamtondo. Tidayamba kuona amayi a m'mudzi mwathu momwe akudutsa ndi madengu pamutu, akutipatsa moni wokoma, n'kupitirira. Tsiku lina pa maliro malume adanena moseka kuti chigayo cha mkamwini chayamba kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe. Anthu adaseka, amuna anga adaseka nawo, koma ine ndidaona kuti mawuwo alowa. Mkamwini chilichonse chimene waponda ndi cha eni ake: munda ndi wa mkazi, malo ndi a mkazi, ana omwe ndi a kuchikazi. Chigayo chokha ndicho chidali chawochawo, ndipo sankafuna kuti chikhale choseketsa anthu pa maliro.

Ku Nathenje kudali makaniko wina, mnzawo wa paubwana, amene adapeza injini yamakono kuchokera pa esiteti ina. Amuna anga adapereka ndalama za fodya, n'kuwonjezerapo injini yakale ija. Yatsopanoyo idabwera pa lole, yobiriwira, yonyezimira, pamodzi ndi chokonolera chake. Mudzi wonse udasonkhana, ngakhale anyamata a malaya ofiira amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makadi a chipani adasiya ntchito yawo kudzaonerera. Idalibe hendulo. Amuna anga adangopotokola kiyi ngati wa galimoto, injini n'kulira yokha, timagetsi tikuyaka, timivi ta mawotchi tikunjenjemera. Ndidalulutira, ndipo sindibisa, ndidavina. Ndidakondwa kuti phewa la amuna anga lipuma, ndidakondwanso kuona malume akuizungulira injiniyo chipewa chili m'manja.

Pa tsiku limenelo palibe adawerenga kuti chinthuchi chili ndi ziwalo zingati. Padali batire, padali sitata yolizira injini, padali kachipangizo kodzazira moto m'batire, mawaya amitundumitundu, mafyuzi, masefa a dizilo, a oyilo ndi a mpweya, ndi malamba angapo, ena oyendetsa chigayo, ena chokonolera. Ife tinkangoona kukongola. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwezi usanathe batire lidapita. M'mawa wina tidapeza waya wa pachitseko atamangidwa bwino kuposa momwe tidamangira ife, koma pamalo pa batire patangotsala mawaya awiri akulendewera. Masiku amenewo batire la galimoto lidali chuma, poti ndilo linkaimbitsa magalamafoni pa maukwati ndi pa mowa. Ndikhulupirira kuti lathu lidavinitsa anthu kwinakwake cha ku Dzalanyama, ndipo mwina ena mwa ovinawo ankadzagayitsa kwathu komwe.

Tidagula lina, tidagulanso chitseko cha matabwa ndi loko. Apa mpamene ndidaphunzira kuti injini yamakono sikhutira ndi khomo limodzi. Itatsekeredwa idayamba kutentha, makaniko n'kunena kuti ikufuna mpweya, tiboole zenera. Tidaboola, zeneralo n'kufuna zitsulo. Utsi udafuna bowo lake. Chokonolera chidafuna kakhomo kake kotulutsira gaga, dizilo adafuna kachipinda kake kutali ndi moto, ndipo khomo lililonse lidafuna loko wake. Kanyumba kamene kadali ndi khomo limodzi kadangoti ponseponse mabowo, amuna anga n'kumayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Ukamva ngwelengwele m'njira unkadziwa kuti mwini chigayo akubwera.

Kenako tidalemba mlonda. Malume adatipatsa mlongo wanga, mwana wa mayi aang'ono, amene ankangokhala. Mlonda adafuna jasi, tochi, tiyi ndi galu, galuyo n'kufunanso chakudya chake. Zonsezo tidapereka, komabe m'mawa wina sitata idasowa, maloko onse ali chitsekere. Wakubayo adalowera pa kakhomo ka gaga, kamene tonse tidakaiwala poti kadali kakang'ono, kotsekedwa ndi kamsomali chabe. Mlongo wanga adati sadamve kanthu. Mwina adagona, mwina ayi, sindidziwa, ndipo adamwalira kalekale. Kupolisi sitidapite. Masiku amenewo ukamupereka munthu kuboma sunkadziwa kuti abwerako liti, ndipo palibe ankafuna kuti mbale wake asowe chifukwa cha chitsulo. Amuna anga nawo sakanatha kufunsa mafunso, poti mkamwini saloza chala mwana wa mudzi. Adangomuthokoza mlamu wawoyo chifukwa cha ntchito yabwino, n'kunena kuti sakufunanso kumuzunza ndi mphepo ya m'dambo.

Nzeru imene adaipeza idali yakuti chimene wakuba angachinyamule, iwo ayambe ndiwo kuchinyamula. Kuyambira pamenepo, chigayo chikatseka madzulo, ankatenga masipanala n'kumasula batire, sitata yatsopano, kodzazira moto kaja, malamba onse ndi masefa a chigayo, n'kulongedza mu wilibala kubwera nazo kunyumba. Zonsezi zinkagona kuchipinda kwathu. M'mawa ankazibwezera, chilichonse pamalo pake. Ndidawauza kuti akanandiuza kuti akufuna mitala ndikanawasankhira ndekha mkazi wosanunkha dizilo. Adaseka, n'kunena kuti mkazi wamng'onoyu ndi amene akutidyetsa, ndimupatse ulemu. Zofunda zathu zinkanunkha oyilo, zala za kumapazi ndidazipweteka kangati pa zitsulo. Tsiku lina madzi a m'batire adadontha pa nsalu yanga ya chipani, imene tinkavala popita kukavina, n'kuboola penipeni pa nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ndidaitentha mwakachetechete kukhitchini n'kukagula ina, osauza ngakhale mayi anga ondibereka.

Zitsulo sizikonda kumasulidwa tsiku ndi tsiku. Mabawuti adayamba kutha mano, mawaya kuduka mkati, malamba kukhwepa. Ndipo chikafa china, amuna anga, aja ankakonza injini yakale akucheza, ankangoima manja m'chiuno. Yakale ija ikadwala inkaonetsa pamene pakupweteka. Iyi inkabisa. Ukaganiza kuti ndi batire, ndi fyuzi. Ukasintha fyuzi, vuto lili pa waya wina kuseri. Ankakwera njinga ulendo wa ku Nathenje, kudutsa m'fumbi ndi m'madambo, kukatenga makaniko. Makaniko akabwera ankati chitsulo chofunikacho chikapezeka ku Lilongwe, a ku Lilongwe n'kunena kuti chikuchokera kunja, tidikire. Podikirapo chigayo chili duu, amayi akudutsanso ndi madengu ndi moni wawo wokoma uja.

Makanikoyo sadali wakuba, ndinene zoona. Nthawi zina ankagwira ntchito n'kulandira nkhuku chabe. Koma mbuzi zathu zidapita ku Nathenje imodziimodzi osabwerako, nkhumba zidatsatira, fodya wa chaka chinacho adathera momwemo. Chigayo chikamayenda chinkalowetsa ndalama kuposa chakale, zimenezo sindikana, koma zinkalowera khomo ili n'kutulukira linalo, ndipo makomo ndanena kale kuti adali ambiri. Tsiku lina ndikumuthirira makanikoyo madzi osamba m'manja ndidamufunsa kuti kodi chigayochi mwini wake ndani, ife kapena iye. Adaseka pang'ono, koma poyankha sadaseke.

"Alamu, injini iyi adaipangira pa esiteti, pamene pali mpanda, sitolo ya zitsulo ndi anthu olembedwa kuti aziiyang'anira. Ine ndidalakwa osawauza achimwene. Kugula n'kosavuta, mtengo wake weniweni uli pa kusunga."

Ndidawafotokozera amuna anga mawu amenewa, iwo n'kuti makaniko aliyense amayankhula choncho akakhuta. Pofika nthawi imeneyo sankakhulupiriranso munthu. Sadaphunzitse wina aliyense kagwiridwe ka injiniyo, poopa kuti wodziwa kumanga adziwanso kumasula. Kiyi ankachotsa injini ikangolira n'kuika m'thumba, poti injini ya dizilo ikalira sifunanso kiyi. Chozimitsira chidali kachingwe kokoka, ndipo adakasunthira kuseri kwa thanki kuti ana ndi anthu achidwi asamakagwire. Sadauze munthu pamene kadali, ngakhale ine wogona ndi zitsulo zake.

Koma chimene chinkandiwawa sichidali mbuzi kapena nkhumba. Ndinkataya mwamuna ali moyo. Ankadzuka tambala asanalire kuti akamange zitsulo amayi asanafike, n'kubwera kutada atamasula. Ankadya akuwodzera, nthawi zina mbamu ili m'manja. Agalu akauwa cha kunjira ankadzambatuka kukaona ngati wina sakuboola mgolo wa dizilo, poti mgolowo sunkalowa mu wilibala. Kuimba kudatha. Kutchalitchi ankagona ulaliki usanafike pakati, ine n'kumawagwedeza ndi chigongono. Malaya awo adayamba kuwakulira, makosi a shati n'kumalendewera. Mwana wathu wamng'ono adayamba kuyenda bambo ake osaona, ndipo nditawauza adati, "Ayi zoona?" kenako n'kugona pampando pomwepo. Ndidalira tsiku limenelo, osati chifukwa cha mkwiyo koma chisoni.

Ndidawadandaulira kangapo kuti tigulitse. Yankho lidali limodzi, lakuti chaka chino chokha, tikangobweza zimene talowetsa. Ndidafuna kukauza malume kuti awayankhule, koma ndidadziwa kuti mawu a malume ndiwo adabweretsa injiniyi, ndipo sakanaichotsa popanda kumuchotsa ulemu mwamuna wanga. Ndidangokhala, n'kumawaikira madzi otentha osamba ndi kuwapaka mafuta m'manja mong'aluka.

Malamba a injiniyo adali ndi chotchingira, chibokosi cha malata chomangidwa ndi mabawuti ambirimbiri, kuti dzanja kapena nsalu zisakodwe. Kuti uchotse malamba madzulo unkayenera kuyamba wachotsa chimenecho, ndipo m'mawa kuchibwezera. Miyezi yoyamba amuna anga ankamanga mabawuti onse. Kenako ankamanga a m'makona okha. Kenako ankangochikoleka. Pomaliza chidakatsamira pakhoma, amayi n'kumaikapo madengu awo podikira. Makaniko adanenapo kuti achimwene, ichi chibwerere pamalo pake, iwo n'kuvomera, koma mawa lake amayi adafika m'mamawa, mzere uli mpaka kunjira, ndipo panalibe nthawi ya mabawuti. Tonse tinkachiona chili pakhoma paja tsiku ndi tsiku, mpaka maso adachizolowera. Tidatseka mabowo onse oopa akuba, limodzi lokha loopsa kuposa onse tidalitsegula tokha.

Zidachitika nthawi yokolola, dzuwa litakwera pang'ono. Ine ndidali pomwepo, ndikuthandiza kuyeza chimanga m'madebe. Lamba wa chokonolera, wokhwepa chifukwa chovulidwa ndi kuvekedwa masiku onse, adayamba kutsetsereka kufuna kuchoka pa gudumu lake. Pa injini yakale, imene inkayenda mwaulesi, amuna anga ankangomukankha lamba ndi dzanja n'kubwerera. Dzanja lidakumbukira zakale, mutu uli wotopa. Ndidangoona thupi lawo likukokedwa, ndidamva kukuwa kumene sindidakumvepo pakamwa pawo.

Amayi adabalalika, ena adathamangira ku injini. Wina ankafuna kiyi, kiyi ali m'thumba mwa mwini wake. Wina ankakoka mawaya, wina ankamenya thanki ndi chikhatho. Ine ndidazungulira chitsulocho ndikufuula kuti zimitsani, osadziwa kuti ndikuuza yani. Anthu odzaza kanyumba, akuluakulu okhaokha, panalibe mmodzi wodziwa pogwira. Amuna anga adasolola okha dzanja lamanja, magazi ali chuchuchu, n'kudzikoka mpaka kuseri kwa thanki, n'kukoka kachingwe kaja ndi dzanja lamanzere. Injini itazima adakhala pansi, adandiyang'ana ngati mwana wolakwa, n'kukomoka.

Ndidawamanga dzanjalo ndi mpango wanga wa kumutu. Tidawanyamula pa ngolo kupita ku chipatala chaching'ono cha pa Mitundu, kumene adaletsa magazi, ndipo abale awo atamva adabwera ndi lole ya munthu wina kuwatengera ku chipatala cha mishoni ku Nkhoma, kufupi ndi kwawo. Zala ziwiri zidapita, chamkombaphala ndi chapakati. Adokotala adati tithokoze kuti lamba sadatenge mkono wonse. Ndidathokozadi, ndipo ndimathokozabe.

Ndidakhala nawo monga wodikirira, ndikugona pansi pambali pa bedi ndi kuphika kukhitchini ya odikirira odwala. Tsiku limene mankhwala ogonetsa adawathera m'mutu, adatsegula maso, adayang'ana denga, adayang'ana dzanja lokulungidwa, kenako ine. Ndidasendera pafupi kuyembekezera kuti afunsa za ana.

"Amayi," adatero motsitsa, "batire lija mudachotsa?"

Mtima wanga udaphulika. M'chipindamo mudali anthu, koma sindidasamale.

"Sindidachotse, abambo, ndipo sindichotsa. Chitseko chomwe sindikudziwa ngati adatseka. Abe, atenge zonse, akavinire ku Dzalanyama. Ine kwathu mudandipeza ndilibe chigayo. Ndidalola inu, osati injini. Lero yadya zala, mawa idya chiyani? Ndidzaika maliro a munthu amene ana ake sakumudziwa nkhope?"

Adatembenukira kukhoma, ndipo ndidaopa kuti ndawalasa pamene pali bala kale. Mayi wina wodikirira pa bedi loyandikana adandikoka nsalu kuti ndikhale pansi. Dzuwa litapendeka, pamene ndinkawapatsa phala, poti supuni sankatha kuigwira, adameza kangapo n'kundifunsa kuti anthu akamva kuti mkamwini wagulitsa chigayo anena chiyani. Ndidati anena kwa sabata imodzi, kenako apeza wina womunena. Adaseka pang'ono, kuseka kumene ndidakusowa nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. Adati ndikatumize uthenga kwa makaniko.

Titabwerera kumudzi tidapeza kuti palibe chidabedwa. Mlongo wanga uja adagona pa khomo la chigayo masiku onsewo osauzidwa ndi munthu, ndipo sadafune kanthu. Sindidziwa kuti ankalipira chiyani mumtima mwake, sindidamufunse.

Makaniko adapeza wogula, bambo wina wa sitolo wa m'mbali mwa msewu waukulu ku Nathenje, amene adali ndi mpanda wa njerwa ndi ana aamuna akuluakulu. Mtengo udali wotsika kuposa umene tidagulira, ndipo mbuzi zathu sizidabwerere. Tsiku lodzatenga, amuna anga sadalole kuti injini ikwere pa lole msangamsanga. Adamuyendetsa wogulayo chiwalo ndi chiwalo, kumuonetsa waya wovuta, bawuti wotha mano, fyuzi imene imapsa kawirikawiri, zonse zimene wogulitsa wochenjera amabisa. Adabwezera kachingwe kozimitsira poyera, n'kuitana ana a wogulayo kuti aliyense akoke aone. Kenako adatenga chotchingira chija pakhoma, adachipukuta ufa, n'kuyamba kumanga mabawuti ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, sipanala ikuterereka. Makaniko adafuna kuthandiza, iwo adakana. Adamanga onse mpaka womaliza, ndipo adakweza dzanja lokulungidwa lija pamaso pa wogulayo.

"Akulu, akuba akabwera adzatenga batire, mudzagula lina. Ichi musadzachotse."

Malume adalipo, ataima chapatali. Lole itanyamuka adabwera, adavula chipewa, n'kunena kuti mkamwini adyetsa mudzi uno zaka zambiri, tsopano dambo la kumunsi lija alime ndiwo zamasamba ngati akufuna. Malume sankadziwa kupepesa, ndipo kumeneko ndiko kudali kupepesa kwawo. Dimbalo tidalimadi, ndipo kabichi ndi tomato ndi zimene zidaphunzitsa ana athu. Khasu adaphunzira kuligwira ndi zala zotsalazo.

Madzulo a tsiku limene injini idapita, amuna anga adayenda kuchokera kuchigayo manja ali lendelende, alibe wilibala, alibe makiyi, akungotembenuka ngati munthu woiwala kanthu. Kuchipinda kudaoneka kwakukulu. Adakhala pa bedi n'kundifunsa kuti nanga mawa adzuka kukatani. Ndidati mawa sadzuka.

Ndipo sadadzukedi. Atambala adalira, iwo ali m'tulo. Dzuwa lidatuluka, lidalowa pa zenera mpaka pa bulangete, iwo akupuma mwakuya, dzanja lovulala lili pachifuwa. Ndidatulutsa ana mwakachetechete, ndidathamangitsa nkhuku pakhonde, n'kukhala pa khomo ngati mlonda. Posakhalitsa ndidaona amayi atatu a kutsidya kwa dambo, amene sadamve kuti chigayo chapita, akubwera ndi madengu pamutu kudzafunsa chifukwa chake sitidatsegule. Wakutsogolo adatsegula pakamwa kuti aodire. Ndidathamanga opanda nsapato kukakumana nawo panjira, chala chili pamlomo.

"Pepani amayi, pitani ku Mitundu," ndidanong'ona. "Kuno abambo akugona."